Kusamalira khungu louma la ana aang'ono

Mphepo ya mwera ikayamba kuomba m'mwezi wa May, khungu la ana ambiri limasintha maonekedwe. Miyendo imatuwa ngati yaponda m'phulusa, masaya amathetheka, milomo imang'ambika, ndipo usiku mwana amangotembenuka uku akudzikanda. Makolo ambiri amaziona ngati chizolowezi cha nyengo yozizira chomwe chimatha chokha mvula ikagwa, ndipo kwa ana ambiri zimathadi. Komabe khungu louma ndi khungu lomwe layamba kufooka pa ntchito yake yoteteza thupi, ndipo likalekereredwa limang'ambika n'kutsekulira njira tizilombo toyambitsa zilonda. Chisamaliro chake sichilira mafuta a mtengo wapatali. Chimalira kasambitsidwe koyenera, mafuta wamba odzozedwa pa nthawi yake, komanso diso lotha kuzindikira pamene kuumako kuli chizindikiro cha matenda ena.

Chifukwa chake khungu la mwana limauma msanga

Khungu lili ndi magawo angapo, koma gawo lapamwamba penipeni ndilo limagwira ntchito ya mlonda. Kapangidwe kake kakufanana ndi khoma la nyumba: maselo ake ali ngati njerwa, pomwe mafuta achilengedwe amene ali pakati pa maselowo ali ngati matope omangira. Khomali likakhala lolimba, madzi a m'thupi satuluka mwachisawawa, ndipo fumbi, sopo ndi tizilombo sizilowa. Mafutawo akakokoloka, pakati pa njerwa pamatsala timipata. Chinyezi chimathawira mumpweya, khungu limauma n'kuyamba kufunduka, kenako kuyabwa kumayamba. Mwana akakanda, khomalo limagumuka kwambiri, kuyabwa n'kumawonjezeka.

Kwa mwana wamng'ono, khomali limakhala lisanakhwime. Khungu la khanda ndi lopyapyala poyerekeza ndi la munthu wamkulu, limataya madzi mofulumira, ndipo limapitiriza kukhwima m'chaka chonse choyamba cha moyo. Kuwonjezera apo, tiziwalo totulutsa mafuta pakhungu timachepetsa ntchito mwana akangokwanitsa miyezi yochepa, ndipo timadzayambiranso mwamphamvu iye akamatha msinkhu. N'chifukwa chake sopo ndi madzi otentha amene bambo amasamba popanda vuto amatha kusiya mwana wa zaka ziwiri atatuwa thupi lonse.

Nyengo nayo imathandizira. M'Malawi muno miyezi ya May mpaka August imakhala yozizira, ndipo June ndi July ndiyo imazizira koposa, makamaka m'madera okwera monga Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Mzuzu. Mpweya wozizira umasunga chinyezi chochepa, choncho umayamwa madzi a pakhungu. Pofika September ndi October kumatentha ndipo fumbi limachuluka. Thukuta likauma limasiya mchere umene umayabwitsa khungu lothetheka kale. Ngakhale zili choncho, zambiri zimene zimaumitsa khungu la mwana zimachitikira pakhomo pomwepo: kusambitsa ndi madzi otentha kwambiri pofuna kuthana ndi chisanu, kugwiritsa ntchito sopo wochapira zovala posamba, kukwecha ndi chinkhupule, ndiponso kuotha moto pafupi kwambiri.

Kasambitsidwe koyenera

Madzi paokha sawononga khungu. Chowononga ndi kutentha kwake, kutalika kwa nthawi yosamba ndi mtundu wa sopo. Madzi otentha amasungunula mafuta a pakhungu monga momwe amasungunulira mafuta m'mbale yodyera. Mwana ayenera kusambitsidwa ndi madzi ofunda chabe, ndipo njira yachidule yowayesera ndiyo kuviikamo chigongono: akamveka otentha kwa munthu wamkulu, kwa mwana apyola muyeso. Mphindi 5 mpaka 10 n'zokwanira. Khanda losayamba kukwawa silifunika kusambitsidwa thupi lonse tsiku lililonse m'nyengo yozizira, bola nkhope, m'khosi, m'manja ndi malo a thewera zizitsukidwa tsiku ndi tsiku.

Khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pa mlingo wa pH wa pafupifupi 5.5, ndipo asidiyu amathandiza kufooketsa tizilombo. Sopo wamtanda wamba amakhala pa mlingo wa pakati pa 9 ndi 10, kotero kuti amasokoneza chitetezo chimenechi. Sopo wochapira zovala, kaya wamtanda kapena waufa, ndi waukali koposa pamenepo ndipo sayenera kukhudza thupi la mwana. Woyenera ndi sopo wofewa wopanda fungo lonunkhira, wopakidwa pang'ono m'malo okhawo amene amada, monga m'khwapa, m'manja, kumapazi ndi kumatako. Mimba, msana ndi miyendo nthawi zambiri zimayera ndi madzi okha. Sopo wolembedwa kuti amapha tizilombo, komanso mankhwala amadzi othira m'beseni, sizifunika pa khungu louma pokhapokha atalamula ndi a chipatala.

Kutuwa si litsiro, choncho kukwecha ndi chinkhupule kapena mwala kumangowonjezera vuto. Dzanja kapena kansalu kofewa n'kokwanira. Mwana akatuluka m'madzi, thaulo lizingoguguda pang'onopang'ono pathupi, osati kukhula, ndipo khungu lisiyidwe lili ndi kachinyezi.

Mafuta odzola ndi nthawi yake

Ntchito yaikulu ya mafuta odzola ndi kutsekera madzi amene ali kale pakhungu. Pa chifukwa chimenechi, nthawi yabwino yodzoza mwana ndi mkati mwa mphindi zitatu chitulukireni m'madzi. Khungu louma limafunika kudzozedwa kosachepera kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo malo ouma kwambiri monga masaya, misana ya manja ndi miyendo angathe kudzozedwa kangapo.

Mafuta olimba amagwira ntchito kuposa amadzimadzi. Petroleum jelly, amene ambiri amangomutchula kuti Vaseline, ali m'gulu la mafuta otsekera chinyezi bwino koposa, sachedwa kupezeka m'magolosale, ndipo kawirikawiri sawenga. Woyenera mwana ndi woyera wopanda pefyumu kapena mtundu wowonjezera. Mafuta amadzimadzi a m'mabotolo amakhala ndi madzi ambiri, amauma msanga, ndipo ambiri amathiridwa zonunkhiritsa zomwe zimaluma pakhungu long'ambika. Glycerine amakoka chinyezi, koma akapakidwa yekha amanata ndipo amatha kuwawa pa ming'alu. Amagwira bwino akasakanizidwa ndi madzi pang'ono pachikhatho, kenako pamwamba pake n'kudzoza petroleum jelly.

Aqueous cream amadziwika kwambiri m'mafamase, koma mitundu yake yambiri ili ndi mankhwala otulutsa thovu otchedwa sodium lauryl sulphate. M'chaka cha 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain la MHRA lidachenjeza kuti kirimuyu akasiyidwa pathupi amatha kuyabwitsa ndi kuwotcha khungu, makamaka la ana odwala eczema.

Mafuta ochokera ku zomera nawo ndi osiyana mphamvu. A mpendadzuwa ndi a kokonati ndi amene aonetsa kuti amagwirizana ndi khungu la ana, pomwe a olive amafooketsa gawo lapamwamba la khungu ngakhale ali okwera mtengo. Mafuta a mtedza ndi bwino kuwapewa pa khungu lothetheka, chifukwa kulowa kwake kudzera m'ming'alu kungachititse kuti thupi la mwana lidzayambe kudana ndi mtedza. Mafuta amene aphikidwapo kale chakudya sayenera kudzoledwa.

Podzoza, manja akhale osamba, ndipo dzanja lizitsetsereka motsatira kumene ubweya wagonera, mosatikita mwamphamvu. Ngati mwana ali ndi zilonda, mafuta azitapidwa ndi supuni yoyera, chifukwa chala cholowa m'botolo limene banja lonse likugwiritsa ntchito chimasiyamo tizilombo. Milomo ndi chibwano cha mwana wotuluka dovu zingatetezedwe ndi petroleum jelly wochepa asanadye komanso asanagone. Paudala sathandiza khungu louma, ndipo mwana akamupuma amatha kuvutika m'chifuwa.

Ngozi ya moto

Nyengo imene ana amadzozedwa mafuta ambiri ndi yomwenso mabanja amasonkhana mozungulira mbaula. Mafuta odzola akalowerera m'zovala, m'bulangete kapena m'chitenje n'kuumiramo, nsaluyo imagwira moto msanga ndipo imayaka mwaukali. Bungwe la MHRA lachenjezapo kangapo za ngoziyi, ndipo lati kuchapa kumachepetsa mafutawo koma sikuwachotseratu. Mwana wodzozedwa asakhale pafupi ndi mbaula, kandulo kapena nyali ya palafini, ndipo zovala ndi zofunda zake zizichapidwa pafupipafupi. Kumuveka bwino kumamuteteza ku chisanu kuposa kumuyandikiza kumoto, komwe kutentha kwake kumaumitsanso miyendo.

Zovala ndi zikhadabo

Nsalu ya thonje ndiyo yoyenera kukhudza khungu. Juzi yaubweya kapena yanayiloni imakanda ndi kuyabwitsa, choncho izivalidwa pamwamba pa malaya a thonje. Kufunditsa mwana mopyola muyeso kumamutulutsa thukuta, ndipo thukutalo limadzutsa kuyabwa usiku. Zovala zatsopano ndi za pakaunjika zichapidwe zisanavalidwe, ndipo zonse zizitsukuluzidwa mpaka thovu litatheratu, popeza sopo waufa wotsalira m'nsalu amakhala pakhungu tsiku lonse. Thewera lonyowa lisinthidwe msanga. Zikhadabo za mwana ziziwengedwa kawirikawiri, chifukwa zilonda zambiri za pakhungu louma zimayamba ndi chikhadabo chake chomwe.

Makanda ongobadwa kumene

Khanda limabadwa litakutidwa ndi mafuta oyera okhala ngati phala. Mafutawa si uve: amateteza khungu ndi kusunga chinyezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti khanda lisasambitsidwe mpaka patatha maola 24 chibadwireni. M'masabata oyambirira khungu la makanda ambiri limafunduka, makamaka m'manja ndi kumapazi, ndipo zimenezi zimatha zokha.

Malangizo a WHO a m'chaka cha 2022 salimbikitsa kudzoza mafuta tsiku ndi tsiku khanda lobadwa pa nthawi yake lomwe khungu lake lili bwino n'cholinga chopewa matenda a khungu. Mafuta ndi a pamene khungu laumadi. Kwa ana obadwa masiku asanakwane kapena onyentchera pobadwa, mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati angagwiritsidwe ntchito motsatira uphungu wa anamwino. Pamchombo posapola pasapakidwe mafuta odzola. Nkhanambo zachikasu zimene zimamera pamutu pa makanda ena sizichokera ku kuuma. Zimafewa zikapakidwa mafuta pang'ono n'kutsukidwa, ndipo siziyenera kutokosoledwa.

Khungu louma silitanthauza kuti mwana akusowa madzi akumwa. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisapatsidwe madzi pa chifukwa chimenechi, pakuti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira.

Pamene vuto lapyola kuuma wamba

Kuuma wamba kumasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri za chisamaliro chotere. Kukapitirira, mpofunika kuganizira matenda ena amene amayamba mofanana.

Oyamba ndi eczema, matenda a khungu amene m'maiko ena amagwira mwana mmodzi mwa asanu alionse, ndipo kwa ambiri amayamba asanakwanitse zaka zisanu. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa kosagonetsa komwe kumatha n'kuyambiranso. Kwa makanda amaonekera m'masaya, pamutu ndi kunja kwa mikono ndi miyendo, pomwe kwa ana okulirapo amakonda mopindikira mikono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Mabuku ambiri amati malo odwala amafiira, koma pa khungu lakuda amaoneka oderapo, otuwa kapena okhala ndi timatotupa ting'onoting'ono, ndipo akakandidwa nthawi yaitali amakhuthala. Eczema sapatsirana. Amakonda mabanja amene muli odwala mphumu kapena chimfine chobwera ndi fumbi. Mafuta odzola ndiwo maziko a chithandizo chake, ndipo amafunika ochuluka: malangizo a ku Britain amati mwana wodwala eczema angafunike magalamu 250 mpaka 500 pa sabata. Matenda akakula, a chipatala amapereka kirimu wofewa monga hydrocortisone kwa masiku owerengeka. Makolo asaleketse mwana mazira, mkaka kapena nsinjiro pongoganiza kuti ndizo zikumuwenga. Kusala zakudya kopanda uphungu kumabweretsa kunyentchera, komwe ndi vuto lalikulu kuposa loyambalo.

Achiwiri ndi mphere, zomwe zimayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso komwe kamaboola khungu. WHO imati anthu osachepera 200 miliyoni amakhala ndi mphere pa nthawi iliyonse, ndipo m'chaka cha 2017 idaziika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Kuyabwa kwake kumakula usiku, totupa timaoneka pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno, ndipo kwa makanda ngakhale m'zikhatho ndi kupansi kwa mapazi. Ngati ena m'nyumba akudzikandanso, mphere ndizo zoyamba kuganiziridwa. Mafuta odzola saziphetsa. Pamafunika mankhwala monga benzyl benzoate, amene kwa ana amasungunulidwa motsatira malangizo a chipatala, ndipo banja lonse liyenera kulandira chithandizo nthawi imodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa. Zilonda za mphere zikalowa mabakiteriya zimatha kudzetsa matenda a impso ndi a mtima.

Achitatu ndi chipere, chomwe chimakhala chozungulira, cha m'mphepete motukuka, ndipo pamutu chimathothola tsitsi. Chipere cha pamutu sichitha ndi zodzola zokha. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata angapo. Chisasokonezedwe ndi timawanga totuwa tosayabwa kwenikweni timene timaoneka m'masaya mwa ana ambiri m'chilimwe. Timeneti timayenderana ndi kuuma kwa khungu ndipo timazimirira pang'onopang'ono ndi mafuta odzola.

Khungu limaululanso za kadyedwe. Mwana amene khungu lake likusendeka ngati penti yakale, mapazi onse awiri atatupa, tsitsi litafiira ndi kupepuka, ali ndi zizindikiro za kunyentchera koopsa ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Khungu lakuda ndi lokhakhala m'khosi, pamisana ya manja ndi malo ena owombedwa ndi dzuwa, makamaka pamodzi ndi kutsekula m'mimba, lingasonyeze matenda a pellagra, amene amagwira anthu odalira chimanga popanda ndiwo zokwanira monga nyemba, mtedza, nsomba ndi mazira. Totupa toyabwa tosamva mankhwala mwa mwana wodwaladwala ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti ayezedwe magazi, kuphatikizapo HIV.

Ana achialubino amafunika chisamaliro chowonjezera. Khungu lawo limapsa ndi dzuwa ngakhale kunja kukuzizira, ndipo petroleum jelly sateteza ku dzuwa. Masana amafunika mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa cha khonde ndi zovala za manja aatali, pomwe mafuta wamba angadzoledwe madzulo.

Makirimu a pamsika

M'misika ya m'tauni mumagulitsidwa timachubu ta makirimu amene amati amachiritsa vuto lililonse la khungu. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga betamethasone ndi clobetasol, omwe amapezekanso m'mafuta ena oyeretsa khungu. Amaletsa kuyabwa m'masiku awiri kapena atatu, n'chifukwa chake amakopa. Koma khungu la mwana limayamwa mankhwala ambiri poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake, makamaka kumaso ndi pansi pa thewera. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, amabisa chipere ndi mphere kwinaku zikufalikira, ndipo akalowa m'magazi amatha kusokoneza kakulidwe ka mwana. Mafuta oyeretsa khungu ena ali ndi hydroquinone kapena mercury, ndipo sayenera kufika pathupi la mwana ngakhale kudzera m'manja mwa womulera. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo malo oyenera kugula ndi famase yovomerezeka, a chipatala atamuona kaye mwanayo. Phulusa, mandimu, spiriti, mankhwala otsukira mano ndi zitsamba zosinja siziyenera kupakidwa pa khungu long'ambika.

Nthawi yopita kuchipatala

Mwana apite naye kuchipatala mosazengereza ngati khungu likutuluka madzi kapena mafinya, lachita nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, latupa ndi kutentha, kapena ming'alu ikutuluka magazi. Matuza ang'onoang'ono ambiri ofanana amene abuka mwadzidzidzi pa mwana wa eczema, limodzi ndi kutentha thupi, ndi ngozi yofuna chithandizo cha tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso khanda losakwana miyezi iwiri lomwe latentha thupi, likukana kuyamwa kapena lafooka. Kuyabwa kolepheretsa tulo, ndiponso kuuma kosasintha pakatha masabata awiri, nazonso n'zofunika kuonedwa.

Poyambira pafupi ndi kusikelo ya ana, kumene anamwino ndi alangizi a zaumoyo amaona mwana mwezi ndi mwezi. Kholo lingathandize potenga buku la kuchipatala la mwanayo pamodzi ndi sopo, mafuta ndi kirimu aliyense amene wakhala akugwiritsidwa ntchito, ndi kufotokoza ngati ena pakhomo akudzikanda. Matenda ovuta amatumizidwa ku chipatala cha boma, ndipo zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe zili ndi magawo oona za matenda a khungu.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Banja lomwe layamba kuchepetsa kutentha kwa madzi osamba, kusiya sopo wochapira ndi kudzoza mwana akangotuluka m'beseni kumayambiriro kwa May limafika mu July mwana akugona tulo tabwino, miyendo yake ilibe ming'alu.